Khadi la nambala 4,294,967,297: momwe ntchito ya kalabu yathu ikuyendera

Meyi, sabata yotsegulira teremu

Nambala tasankha. Kalabu yathu ya masamu ipita ku chionetsero cha JETS, mpikisano wa sayansi ndi masamu wa ana a sukulu, ndi nambala imodzi yokha, 4,294,967,297, ndipo ntchito yathu teremu ino ndi kuilembera khadi lalikulu lonena kuti ndi nambala yotani, ili m'magulu ati, ndipo imagawika ndi chiyani. Lamulo ndaika limodzi: pa khadipo sipalembedwa kanthu komwe mwana wa m'kalabu sangathe kukasonyeza yekha pa bolodi ndi choko. Foni imatha kutulutsa mayankho m'kamphindi, n'zoona, koma woweruza akadzafunsa kuti "wadziwa bwanji?" sindikufuna mwana adzayankhe kuti foni ndiyo yandiuza.

Nambalayi imabwera chonchi. Tenga 2, umuchulukitse ndi 2, yankholo ulichulukitsenso ndi 2, mpaka ma 2 akwane 32. Upeza 4,294,967,296. Ukawonjezera 1 wafika. Ili pa mzere wina wotchuka: ma 2 akakhala mmodzi, awiri, anayi, 8, kenako 16, nthawi zonse n'kuwonjezera 1, zimatuluka 3, 5, 17, 257 ndi 65,537. Mabuku amazitcha F0 mpaka F4, ndipo yathuyi ndi F5. Zisanu zoyambazo ndi nambala za prime, zija zosagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi izo zomwe. Pierre de Fermat, loya wa ku France yemwe masamu ankachita akaweruka ku ntchito, analemba m'makalata ake mu 1640 kuti akukhulupirira kuti mzere wonsewu ndi wa prime zokhazokha, ngakhale anavomereza kuti umboni wokwanira analibe.

Ndinafunsa kuti ndani akuona ngati Fermat ankanena zoona. Manja ambiri anakwera. Mnyamata wina wa giredi 10 anati, "Aphunzitsi, zisanu zotsatizana zakhoza, yotsatirayo ilephere bwanji?" Ndawapempha onse kuti asafufuze yankho pa foni mpaka titayesa tokha.

Tisanabalalike tinayesa kumva kukula kwake. Munthu atamawerenga nambala imodzi pa sekondi, usana ndi usiku osapuma, angamalize patatha zaka zoposa 136. Itakhala makwacha n'kugawira anthu onse a m'Zambia, omwe kalembera wa 2022 anapeza kuti ndi oposa 19 miliyoni, aliyense angalandire ndalama zopitirira pang'ono K200.

Meyi, chapakati

Zoyesa zosavuta tathana nazo masana amodzi. Imathera ndi 7, choncho 2 ndi 5 sizilowa. Madijiti ake khumi tikawaphatikiza akupereka 59, ndipo 59 sagawika ndi 3, ndiye 3 ndi 9 zatuluka. Kwa 11 tinachita njira ija yophatikiza ndi kuchotsa mosinthanasinthana, chotsala ndi 5. Kwa 7 chotsala ndi 5 yemweyo. 13 naye wakana.

Chosangalatsa chinatulukira pa 17. Mtsikana wina anaona kuti pogawa ndi 3 panatsala 2, pogawa ndi 5 panatsala 2, ndipo pa 17 patsalanso 2. Ndinamuuza ayese 257 ndi 65,537. Ponseponse 2. Kenaka tinachulukitsa nambala za Fermat motsatizana: 3 ndi 5 zipereka 15, kuchulukitsa ndi 17 ndi 255, ndi 257 ndi 65,535, ndi 65,537 ndi 4,294,967,295. Yang'anani bwino: 15 waperewera 2 kuti akhale 17, 255 waperewera 2 kuti akhale 257, ndipo yomalizayo yaperewera 2 kuti ikhale yathu ija.

Apa pali mfundo yoyamba yoyenera khadi. Nambala ziwiri za mzere wa Fermat sizingakhale ndi chogawira chofanana choposa 1, chifukwa chogawira chotero chikanayenera kugawanso 2, pomwe zonsezi sizigawika ndi 2. Christian Goldbach, katswiri wa masamu, anaona zimenezi mu 1730, ndipo zimasonyeza kuti nambala za prime sizitha: nambala iliyonse ya Fermat imabwera ndi prime yakeyake yomwe anzake alibe, ndipo mzerewo ulibe mathero. Ana a giredi 11 aimvetsa bwino ndipo awiri aifotokoza kale pa bolodi osayang'ana m'kope.

Koma zaonjezera chikhulupiriro chawo mwa Fermat. Tsopano pafupifupi onse akuti ndi prime.

Juni, kumayambiriro

Kwayamba kuzizira ndipo ntchito yalemera. Tinagwirizana kaye za polekezera. Popeza 65,536 kuchulukitsa ndi 65,536 ndi 4,294,967,296, nambala yathu ikakhala yogawika, chimodzi mwa zogawira zake chiyenera kukhala chosapitirira 65,536. Pansi pa malire amenewo pali nambala za prime 6,542. Chiwerengero ichi ndatenga m'matebulo, sitinawerenge tokha, choncho pa khadi sichipita. Ana anagawana ma prime, gulu lililonse mndandanda wake, n'kuyamba kugawa. Pofika cha m'ma 100 mphwayi zinali zitalowa, ndipo ena anayamba kujomba.

Mphunzitsi mnzanga anandipeza m'chipinda cha aphunzitsi nati, "Bambo, anawa mukuwavutitsiranji? Kompyuta iyesa zonsezo musanamalize kumwa tiyi wanuyo." Sakunama. Ndinamuyankha kuti, "Mayi, kompyuta itiuza chogawira, koma sitiuza chifukwa chake chili chimenecho osati china. Munthu amene anachipeza koyamba analibe kompyuta, ndipo sanayese zikwi zisanu ndi chimodzi." Sindinamukhutiritse kwenikweni, koma wavomera kutibwereka kalasi yake Loweruka chifukwa bolodi lake ndi lalikulu.

Munthuyo ndi Leonhard Euler. Goldbach anamulembera kalata mu 1729 kumufunsa ngati akudziwa zomwe Fermat ananena, ndipo mu 1732, ali ku St Petersburg ndi zaka 25, Euler anasonyeza kuti F5 imagawika. Panali patadutsa zaka 92 chilembere Fermat makalata aja. Ana ndawauza nkhaniyi koma chogawiracho sindinawauze.

Juni, Loweruka lachiwiri

Tsiku lalikulu la ntchitoyi mpaka pano, ndiye ndilemba mwatsatanetsatane.

Tinayamba ndi kanthu kakang'ono. Tenga 2, uzimuchulukitsa ndi 2, koma nthawi iliyonse uzisunga chotsala chokha ukagawa ndi 17. Zimayenda chonchi: 2, 4, 8, 16, 15, 13, 9, 1. Ukafika pa 1 ulendo umayambiranso. Masitepe ndi 8, ndipo 8 amagawa 16, yemwe ndi 17 kuchotsa 1. Ukayesa ndi 7 ulendo wake ndi 2, 4, 1, masitepe atatu, ndipo 3 amagawa 6. Si mwayi: Fermat yemweyo ndiye anapeza kuti kwa prime iliyonse kupatula 2, kutalika kwa ulendo woterewu kumagawa prime ija kuchotsa 1.

Tsopano ingoganizani kuti pali prime yomwe imagawa nambala yathu. Ndiye kuti ma 2 akakwana 32, chotsala chimaperewera 1 kuti chikwane prime ija, monga momwe 16 waperewera 1 pa 17. Ma 2 akakwana 64, ulendo wafika pa 1. Sungafike msanga kuposa apo, chifukwa kutalika kwake kuyenera kugawa 64, ndipo kukanakhala 32 kapena kucheperapo, pa sitepe ya 32 tikanapeza 1. Choncho masitepe ndi 64 ndendende, ndipo prime yathu ikachotsedwa 1 iyenera kugawika ndi 64. Lamulo limeneli Euler anadzalilemba ndi umboni wake zaka zingapo pambuyo pa 1732.

Tinalemba pa bolodi nambala zoterozo: 65, 129, 193, 257, 321, 385, 449, 513, 577, 641. Tinafufuta 65 ndi 385 chifukwa zimagawika ndi 5, tinafufuta 129, 321 ndi 513 chifukwa zimagawika ndi 3. 257 tinali titamuchotsa kale mwezi watha. Panatsala 193, 449, 577 ndi 641, ndipo gulu lililonse linatenga imodzi.

Panalibenso chifukwa chogawa nambala ya madijiti khumi. Umatenga 65,536, upeze chotsala, uchichulukitse ndi icho chomwe, upezenso chotsala, uwonjezere 1. A 193 anapeza 109, kenako 11,881, chotsala 108, pomaliza 109. Sizinatheke. A 449 anapeza 431, yemwe waperewera 18, ndiye 18 kuchulukitsa 18 ndi 324, pomaliza 325. A 577 anafika pa 288.

Gulu la 641 linatumiza pa bolodi mtsikana wa giredi 11 yemwe nthawi zambiri sayankhula. Anali atakoka manja a juzi mpaka kubisa zala chifukwa cha mphepo, choko chikungotulukira kunsonga. Analemba 641 kuchulukitsa 102, yankho 65,382, n'kuchotsa pa 65,536, patsala 154. Anachulukitsa 154 ndi 154 m'mbali mwa bolodi, 23,716. Anayesa 641 kuchulukitsa 36, n'kufufuta ndi chigongono, n'kulemba 37. Yankho 23,717. Anaima.

"Aphunzitsi, yaperewera 1."

Wina kumbuyo anakuwa kuti ndiye walakwitsa penapake, abwereze.

"Ayi," anatero osatembenuka, "1 ameneyo tili naye. Ndi uja timawonjezera."

Panali phokoso mpaka alonda anasuzumira pa zenera. Ndinawauza kuti asasangalale asanatsimikize. Kugawa kunapereka 6,700,417, ndipo tinabwerera chammbuyo: 6,700,417 kuchulukitsa 600 ndi 4,020,250,200, kuchulukitsa 40 ndi 268,016,680, kuwonjezera 6,700,417 yemwe, zonse pamodzi 4,294,967,297. Mnyamata wa giredi 10 uja anachulukitsa yekha kawiri m'kope lake asanavomere, ndipo ndinamuyamikira pamaso pa anzake chifukwa cha kukana kwakeko.

Juni, kumapeto

Taonjezera umboni wachidule womwe upite pakati pa khadi. 641 ali ndi nkhope ziwiri: ndi 5 kuchulukitsa 128 kuwonjezera 1, komanso ndi 625 kuwonjezera 16. Koma 128 ndi ma 2 asanu ndi awiri, 625 ndi ma 5 anayi, 16 ndi ma 2 anayi. Kuchokera pa nkhope yoyamba, 5 kuchulukitsa 128 waperewera 1 kuti akwane 641. Ukachulukitsa zimenezo kanayi, ma 5 anayi ndi ma 2 okwana 28 zimasiya chotsala 1. Kuchokera pa nkhope yachiwiri, 625 waperewera 16, ndiye m'malo mwa ma 5 anayi aja ulowetsamo 16 woperewera. Ma 2 tsopano akwana 32 ndipo aperewera 1. Mizere inayi basi. Ana atatu akuutha bwino, ena akusokonezeka pa kuperewera kuchulukitsa kuperewera, choncho tibwereza ndi nambala zazing'ono.

Mapepala a manila ndagula ku Kamwala, oyera anayi ndi achikasu awiri, pamodzi ndi mapeni akuluakulu. Chipinda cha makompyuta sitinalowemo sabata ino chifukwa magetsi amathima masana.

Julayi, kumayambiriro

Funso linatsala: kodi 6,700,417 ndi prime? Mabuku amati inde, koma lamulo lathu silola kungokopera. Polekezera ndi 2,588, chifukwa 2,589 kuchulukitsa 2,589 ndi 6,702,921, yomwe yapitirira kale. Chilichonse chogawa 6,700,417 chimagawanso nambala yathu yaikulu, ndiye lamulo la 64 likugwirabe ntchito. Koma pali lina lothina kwambiri. Édouard Lucas anasonyeza mu 1878 kuti 64 uja akhoza kukhala 128.

Ndinkaopa kuti umboni wake ndi wa ku yunivesite, koma pali njira yomwe a giredi 12 aitha. M'malo moyenda ndi 2, yenda ndi 65,537. Ukamuchulukitsa ndi iye yemwe upeza 4,295,098,369, ndipo ukachotsapo nambala yathu patsala 131,072, omwe ndi ma 2 okwana 17. Ndiye ma 65,537 okwana 64 ndi chimodzimodzi ma 2 okwana 17 kuchulukitsa 32, kutanthauza kuperewera 1 kuja kobwerezedwa ka 17. Popeza 17 sagawika ndi 2, zimathera pa kuperewera 1 basi. Ulendo tsono ndi wa masitepe 128.

Nambala za 128 kuchulukitsa kenakake kuwonjezera 1, zosapitirira 2,588, zilipo 20. Titafufuta zogawika, monga 1,537 yemwe ndi 29 kuchulukitsa 53, 1,921 yemwe ndi 17 kuchulukitsa 113, ndi 2,561 yemwe ndi 13 kuchulukitsa 197, zinatsala zisanu: 257, 641, 769, 1,153 ndi 1,409. 257 anatuluka kalekale. Pogawa 6,700,417 ndi 641 patsala 44, ndi 769 patsala 120, ndi 1,153 patsala 334, ndi 1,409 patsala 622. Palibe yalowa. Kugawa kunayi kokha, ndipo nambala ya madijiti asanu ndi awiri yatsimikizika kuti ndi prime pa tsamba limodzi la kope. Kwa ine ili ndiye gawo lokongola kuposa onse pa ntchitoyi, ndipo ndikufuna likhale poonekera ngakhale woweruza wothamanga sangaimepo.

Zikatere magulu ena amangogwa okha. Nambala yathu ndi composite, kutanthauza yogawika. Ndi semiprime, chifukwa ndi ma prime awiri okha ochulukitsana. Zogawira zake zonse ndi zinayi: 1, 641, 6,700,417 ndi iyo yomwe. Tikaphatikiza zitatu zoyambazo tipeza 6,701,059, zochepa kwambiri poyerekeza ndi mwini wake, choncho ili m'gulu la deficient, mosiyana ndi 6 yemwe 1, 2 ndi 3 zimamukwanira ndendende, kapena 12 yemwe zogawira zake zimafika 16. Zonse zinayi pamodzi ndi 4,301,668,356. Nambala zochepera pa iyo zomwe zilibe chogawira chofanana nayo zilipo 640 kuchulukitsa 6,700,416, ndiye kuti 4,288,266,240.

Julayi, chapakati

Takangana pang'ono za zoyenera kulowa pa khadi. Ana ena akufuna kulembapo kuti madijiti ake ndi khumi, kuti akaphatikizidwa ndi 59, kuti muli ma 9 atatu. Ena apeza kuti m'kalembedwe ka makompyuta ka 0 ndi 1, nambalayi ndi 1, kenako ma 0 okwana 31, kenako 1, ndipo imawerengeka mofanana kuyambira kumanja kapena kumanzere. M'kalembedwe ka 16 ndi 100000001.

Sindikukana zimenezi, koma sizifanana ndi za 641. Zoti madijiti akupereka 59 zimadalira kuti timawerenga m'makumi. Ukasintha kalembedwe, 59 amasowa. Zoti imagawika ndi 641 sizisintha ngakhale uilembe bwanji, ngakhale osailemba n'komwe. Tagwirizana kuti khadi likhale ndi mbali ziwiri zosafanana: yaikulu ya zomwe nambalayo ili, yaing'ono pansi ya momwe imaonekera ikalembedwa. Mtsikana wa 641 uja anatsutsa pang'ono, ndipo mfundo yake ndi yomveka: kalembedwe ka 0 ndi 1 kamaonetsa poyera kuti ndi ma 2 okhaokha kuwonjezera 1, chinthu chomwe makumi amabisa. Chimenecho tachikweza m'mwamba.

Sabata yomweyi tachita za masikweya, zija zotuluka ukachulukitsa nambala ndi iyo yomwe. Aliyense akuona kuti nambala yathu ndi sikweya ya 65,536 kuwonjezera sikweya ya 1. Prime ikatheka kulembedwa ngati masikweya awiri ophatikizana, imatheka mwa njira imodzi yokha. Yathu ili ndi njira yachiwiri. 641 ndi sikweya ya 25 kuwonjezera sikweya ya 4, ndipo 6,700,417 ndi sikweya ya 2,556 kuwonjezera sikweya ya 409. Tinachulukitsa mopingasa: 25 ndi 2,556 zipereka 63,900, 4 ndi 409 zipereka 1,636, 25 ndi 409 zipereka 10,225, 4 ndi 2,556 zipereka 10,224. Ukaphatikiza ziwiri zoyamba n'kuchotsa ziwiri zomaliza, upeza 65,536 ndi 1. Ukachotsa zoyamba n'kuphatikiza zomaliza, upeza 62,264 ndi 20,449. Tinayesa: 3,876,805,696 kuwonjezera 418,161,601 ndi 4,294,967,297. Ana anakondwera kwambiri kuona 10,225 ndi 10,224 zikusiyana ndi 1 yekha, chifukwa 1 wathu uja anatulukiranso pamenepo.

Julayi, kumapeto

Magetsi anakhalapo ndipo tinalowa m'chipinda cha makompyuta. Choyamba ana anaona okha malire a makina. Nambala yotsatira pa mzere, F6, ndi 18,446,744,073,709,551,617, madijiti 20. Kakyuleta ya m'kalasi imaonetsa madijiti khumi okha, ndipo Excel imasunga 15 n'kudzaza ma 0 kumapeto, moti 1 wowonjezera uja amatayika osachenjeza. Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndiye imasunga zonse. F6 nayo imagawika, ndi 274,177 kuchulukitsa 67,280,421,310,721, ndipo ana anayesa okha kuti 274,177 akachotsedwa 1 amagawika ndi 256, monga lamulo la Lucas likunenera. F7, ya madijiti 39, inadikira mpaka 1970 kuti Morrison ndi Brillhart aiphwanye ndi kompyuta. Kuyambira F5 mpaka F32 zonse zadziwika kuti zimagawika, ndipo chidutsire 65,537 palibe prime ina ya Fermat yomwe yapezeka.

Kenako tinayesa chinthu chomwe chinawadabwitsa. Lamulo la Fermat la maulendo lija limagwiritsidwa ntchito ngati mayeso: tenga ma 2 ochuluka ngati nambala yako kuchotsa 1, ugawe, ndipo ngati ili prime patsala 1. Nambala yathu imakhoza mayeso amenewa. Chifukwa chake tinachiona kale: ulendo wake ndi wa masitepe 64, ndipo 64 amagawa 4,294,967,296. Ndiye ili m'gulu la pseudoprime, zonamizira prime pamaso pa 2, gulu lomwe wamng'ono wake ndi 341, yemwe ndi 11 kuchulukitsa 31. Mnyamata wa giredi 10 anapukusa mutu nati, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Ukasintha 2 n'kuika 3, chinyengo chimaululika: chotsala ndi 3,029,026,160.

Ndinawasonyezanso anansi ake awiri, chifukwa atatuwa aima motsatizana koma makhalidwe ndi osiyana. Mu 1796 Carl Friedrich Gauss, ali ndi zaka 18, anapeza kuti chithunzi cha mbali 17 zofanana chingajambulidwe ndi rula ndi kampasi basi. Lamulo lonse, lomwe Pierre Wantzel anamaliza kutsimikiza mu 1837, limati chiwerengero cha mbali chikhale ma 2 ochulukitsana, kapena ma prime a Fermat osiyanasiyana ochulukitsana, kapena zonse ziwiri pamodzi. Ndiye 4,294,967,295 imalola, poti ndi ma prime asanu aja. 4,294,967,296 imalola, poti ndi ma 2 okhaokha. Yathu imakana, chifukwa 641 si wa mzere wa Fermat. Izi sitingazitsimikize tokha, choncho zipita pa pepala lachikasu lam'mbali lolembedwa kuti ndi zomwe ena anapeza, pamodzi ndi mayina ndi zaka.

Pa pepala lomwelo tiikaponso kuti 4,294,967,296 ndi chiwerengero cha maadiresi onse a intaneti a mtundu wa IPv4, omwe nkhokwe yake yaikulu inatha kugawidwa mu Febuluwale 2011, komanso kuti 65,537 amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'njira yobisa mauthenga ya RSA. Ana amakonda zimenezi chifukwa zikukhudza mafoni awo, koma ndawachenjeza kuti zisadye malo a umboni.

Ogasiti, teremu ikupita kumapeto

Khadi loyera lalembedwa ndi pensulo, inki sitinaike. Mphepo ya mwezi uno ikulowetsa fumbi m'kalasi moti mapepala tikusunga m'kabati ya mayi aja otibwereka kalasi, omwe tsopano amabwera kudzafunsa ana mafunso ngati woweruza. Afunsa kale funso lomwe linagwetsa awiri: chifukwa chiyani ulendo sungakhale wa masitepe 48? Yankho ndi loti kutalika kwake kuyenera kugawa 64, ndipo 48 sagawa 64. Tikhala tikubwereza pamenepo.

Chatsala chachikulu ndi mayeso a Pépin, a mu 1877. Amati tenga 3, umuchulukitse ndi iye yemwe, yankholo ulichulukitse ndi ilo lomwe, ka 31, nthawi zonse kusunga chotsala ukagawa ndi nambala yathu. Ikanakhala prime, pomaliza pakanatsala 4,294,967,296. Python yatipatsa 10,324,303. Mayesowa amanena kuti nambala imagawika popanda kutchula chogawira, ndipo si nkhani yaing'ono: F14 inadziwika kuti imagawika mu 1963, koma chogawira chake choyamba chinapezeka mu 2010.

Ana akufuna 10,324,303 alowe pa khadi loyera, ndipo ndawauza kuti alowa pokhapokha titamupeza ndi manja. Masitepe anayi oyamba ndi osavuta: 9, 81, 6,561, 43,046,721. Kuyambira pachisanu mayankho amafika madijiti 16 mpaka 20, ndipo sitepe iliyonse imadalira yapitayo, choncho cholakwa chimodzi chimaononga zonse zotsatira. Pali chotithandiza: popeza 4,294,967,296 waperewera 1, sitifunika kugawa ndi nambala yathu, tigawe yankho ndi 4,294,967,296, kenako tichotse chomwe chalowa pa chomwe chatsala, ndipo zikapita pansi pa 0 tiwonjezere nambala yathu kamodzi. Sitepe iliyonse ichitidwe ndi magulu awiri osaonerana, ndipo gulu lachitatu liziyesa ndi chotsala cha 9 ndi cha 11 tisanapite patsogolo. Masitepe otsala ndi 27. A giredi 12 ali ndi mayeso oyeserera, ndiye sitepe yachisanu ayamba a giredi 11 Loweruka nthawi ya 9 koloko, ndipo aliyense abwere ndi kope la mabokosi kuti madijiti asasokonekere mizere.